Mwati kuluka ndi ntchito ya amayi?

Lero za mtengo wa nandolo ndazisiya kaye. Ndikufuna ndiyankheko nkhani imene yamveka pa bawo, yoti bambo uja wasanduka mayi chifukwa akumamuona pakhonde ali ndi ulusi m'manja. Musavutike n'kunong'onezana. Ndine amene, ndipo sindisiya.

Chiyambi chake n'chakuti mayi a kunyumba maso ayamba kuwavuta. Amene munadyako maukwati m'mudzi muno mukukumbukira madoilo oyera aja ankayalidwa pa tebulo la akwati. Anali a manja awo. Chaka chatha anayamba kumaluka n'kumasula, kuluka n'kumasula, mpaka tsiku lina anangokulunga zonse n'kuponya pansi pa sutikesi. Sananene kanthu, koma ine ndinaona. Ndiye ndinati, mayi, ndiphunzitseni, inu muzinena ine ndizigwira. Anaseka mpaka misozi. Zala zangazi n'zakhasu, kasingano kokhota kumapeto kaja kankangondipulumuka ngati mlamba. Doilo yoyamba inatuluka yopindika ngati chisa cha mbalame. Yachitatu anaipapasa n'kunena kuti yayamba kufanana ndi chinthu.

Mwana wathu wa ku Limbe atabwera, anandionetsa pa foni amayi a ku Belgium, mumzinda wotchedwa Bruges. Iwowo saluka ndi singano ayi. Ulusi amaukulunga pa timitengo tambirimbiri, pepala lojambulapo maluwa amaliika pa pilo wolimba, kenako amabayapo mapini kuti ulusi uzizungulira. Timitengoto timayenda tiwiritiwiri, ndipo manja amangochita zinthu ziwiri basi, kupingasa ndi kupota. Ndinaonera kangapo mpaka batire kutha. Mawa lake ndinasema timitengo 12 tansungwi, kathumba ndinakadzaza mankhusu a mpunga n'kukasoka zolimba, mapini ndinapempha kwa telala. Patapita masiku anayi ndinali ndi kalamba kopyapyala, kutalika ngati chikhatho changa, kokhotakhota m'mbali. Azungu aja atakaona akhoza kulira. Koma katuluka pa Nayuchi pompano.

Tsono inu a pa bawo tandiyankheni. Mono umene mumatchera ku Chiuta amaluka ndani? Nanga nkhokwe, mphasa, dengu, lichero limene mayi anu amapetera mpunga? Agogo anga aamuna ankapota chingwe pantchafu n'kuluka ukonde wonse ndi manja, palibe anawatchapo mayi. Telala wa pakhonde la sitolo ku Ntaja ndi mwamuna wandevu. Ndipo ena mwa inu Lachisanu mumavala mzuli woluka ndi ulusi, wogula kusitolo, wochokera kutali. Eti chinthucho n'cholemekezeka chikakhala pamutu, koma n'chamanyazi chikakhala m'manja mwa wochipanga? Amuna akuno ndife oluka kuyambira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti nsungwi ndi yaikulu, ulusi ndi waung'ono.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ngakhale zansungwizo zikutithawa. Anyamata angati pano angamange nkhokwe osaitana mkulu? Chimanga tikusunga m'matumba, lichero lalowedwa m'malo ndi beseni lapulasitiki, ndipo kunyanja ena akukokera matemba ndi neti ya udzudzu, imene imakokolola ndi tiana tomwe. Paja Chilwa inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018. Amene munalipo mukukumbukira kuti asodzi ambiri anangokhala manja lende, pamene odziwa mlaza ndi bango ankanyamula mikeka ndi mphasa kukagulitsa, kunyumba n'kupezeka ufa. Njanji yathuyi inafika kuno mu 1970. Masiku ano timangowerenga mabogi a malasha akudutsa kupita ku Nacala, koma cha manja athu chokwera sitima chikuchepa chaka ndi chaka.

Koma ndisakunamizeni kuti muli ndalama mu ulusi. Kale zinalipo. Azakhali athu a ku Harare ankatisimbira mmene amayi a ku Zimbabwe ankanyamulira madoilo kukagulitsa ku Joni, ana n'kuphunzira ndi ndalama zomwezo. Lero ulusi wakwera mtengo, ndipo zoyala patebulo za makina zadzaza pa kaunjika, zotchipa. Mukawerengera masiku anayi a kalamba kanga kaja, ganyu wopalira amaposa. Komanso mvula ikangogunda ndipachika timitengo, chifukwa ulusi supalira munda.

Nanga ndikulimbikiranji? Kuchoka mwezi wa Julaye mpaka nthawi yososa, masana amatalika. Tonse tikudziwa kumene amuna ambiri amathera nthawi imeneyi, ndi mmene amabwerera madzulo. Ine chiyambire Freddy kutikokololera munda mu 2023 tulo tinkandivuta, mutu umangowerengera ngongole. Pa ulusi sungawerengere ngongole. Ukangoganiza zina, wasokoneza, umasule. Ndipo chachikulu, mayi aja abwereranso pakhonde. Amakhala pambali panga, amapapasa ndi zala, n'kumandikalipira kuti apa mwakoka kwambiri bambo. Zaka zonsezi takhala limodzi, aka n'koyamba iwo kukhala aphunzitsi ine mwana wasukulu. Zikuoneka kuti akukondwa nazo kuposa mmene ziyenera kukhalira.

Mdzukulu wanga wamwamuna wasema kale timitengo take, akuti tanga n'tonenepa. Wofuna kudzaona abwere Loweruka masana, ngakhale wobwera kudzaseka, mpando ulipo. Ndipo inu a ku Limbe, wina akamabwera pa sitima mumupatsire ulusi woyera wathonje, wopyapyala uja. Osati wulu wa majuzi chonde, umene munatumiza ulendo watha uja mayi aulanda, akuti alukira mwana chipewa.