Sitima yankhondo siyenda ndi mizinga yokha

Pa doko la Portsmouth ku England pali sitima yakale yankhondo yotchedwa HMS Victory. Alendo akafika amathamangira kukaona mizinga yake komanso pamalo pomwe mkulu wa asilikali apamadzi, Horatio Nelson, adagwera atawomberedwa pankhondo ya Trafalgar pa 21 October 1805.

Koma phunziro lalikulu la sitimayi silili pa mizinga ayi. Lili m'chipinda chosungiramo chakudya ndi m'buku la malipiro.

Sitimayi idalowa m'madzi m'chaka cha 1765 ku Chatham, itadya mitengo pafupifupi 6,000. Idalibe injini. Inkayenda ndi mphepo yokankha matanga 37, omangidwa ndi zingwe zotalika makilomita oposa 40 mukaziphatikiza. Mu 1780 kunsi kwake adakhomako malata amkuwa poopa tizilombo tam'madzi tofumbula matabwa.

Kuikonzekeretsa ulendo sadali masewera. Akalipentala ankamata ming'alu ndi phula, osoka matanga ankaika zigamba, ena n'kumatsitsira pansi migolo ya madzi, mowa, nyama yothira mchere, nsawawa zouma, mabisiketi ndi wonga wa mizinga. Zonsezi zimayenera kukwanira miyezi ingapo chifukwa pakati pa nyanja palibe msika.

Komabe matabwa, zingwe ndi wonga boma limatha kugula. Chovuta chidali anthu. Pa Trafalgar, Victory idali ndi mizinga 104 ndi amuna oposa 800, ndipo mzinga umodzi waukulu umafuna gulu la anthu kuti aukoke, authire wonga ndi kuwomba. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga.

Odzipereka okha sankakwana, choncho boma la Britain lidali ndi magulu ogwira amuna mokakamiza m'madoko ndi m'sitima zamalonda. Munthu wogwidwa chotere maso ake amakhala kumtunda, ndiye akuluakulu ambiri sankalola amalinyero kutsika sitima ikaima padoko, poopa kuti athawa. Wolakwa ankamukwapula anzake onse akuona. Ngakhale zidali choncho, anthu ankathawabe. Chikoti chimaopsa, koma sichimanga mtima wa munthu.

Mdani wamkulu kuposa adani onse adali matenda. Kaamba kodya nyama yamchere ndi mabisiketi ofumbwa miyezi yambiri popanda ndiwo zamasamba kapena zipatso, amalinyero ankadwala scurvy, nthenda yobwera thupi likasowa vitamini C. Nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, mano amagwedera, zipsera zakale n'kutsegukanso. Paulendo wa George Anson wozungulira dziko, kuyambira 1740 mpaka 1744, amuna oposa 1,000 adamwalira, ambiri ndi matenda osati zipolopolo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake adali apafupi. Mu 1747 dokotala James Lind adatenga odwala 12 m'sitima ya Salisbury n'kuwagawa awiriawiri, gulu lililonse mankhwala akeake. Awiri omwe adalandira malalanje ndi mandimu ndiwo adachira msanga. Koma padatha zaka 48, mpaka 1795, kuti akuluakulu ayambe kupereka madzi a mandimu kwa amalinyero mwalamulo. M'zaka zozengerezazo, nyanja idameza anthu ambiri omwe akadapulumuka.

Nkhani ya malipiro nayo idaphulika mu April 1797 ku Spithead, kufupi ndi Portsmouth komweko. Nkhondo ndi France ili mkati, amalinyero a sitima 16 adakana kuzula nangula. Malipiro awo adali asadakwezedwe kwa zaka zoposa 100, pomwe mitengo ya zinthu idali itakwera. Pachakudya ankawabera pasikelo: paundi ya maaunsi 16 iwo ankalandira 14 okha. Adapemphanso kuti odwala azisamalidwa bwino.

Sadachite chipolowe. Adanenetsa kuti adani akaoneka adzatuluka kukamenya nkhondo, koma kupatula apo sasuntha. Patatha mwezi boma lidagonja: malipiro adakwera, sikelo idakonzedwa, mfumu idawakhululukira, ndipo akuluakulu ena ankhanza adatsitsidwa m'sitima. Zomwe zikadatheka pokambirana, zidadikira sitalaka pakati pa nkhondo.

Nelson adaimvetsa nkhaniyi. Kuyambira 1803 mpaka 1805 adakhala pafupifupi zaka ziwiri osaponda kumtunda, akulondera sitima za France panyanja ya Mediterranean. Nthawi yake yambiri inkathera pofunafuna ng'ombe, anyezi ndi madzi abwino ku Sardinia komanso madzi a mandimu ku Sicily. Tsiku la Trafalgar litafika, sitima zake 27 zidakumana ndi 33 za France ndi Spain, ndipo Britain sidataye ngakhale imodzi. Luso lankhondo lidalipo, koma mizinga ija idakokedwa ndi anthu okhuta, athanzi ndi ozolowerana.

Apa ndiye pagona nkhani. Masiku a sitima zamatanga adapita, koma khalidwe losamala katundu n'kuiwala munthu womugwiritsa ntchito likadalipo. Alipo eni galimoto omwe saphonya tsiku losintha oyilo, koma malipiro a dalaivala amachita kukumbutsidwa. Alipo eni sitolo ogula maloko okwera mtengo, mlonda akugona ndi njala pakhonde. Alipo mabanja omwe mtsikana wantchito amadya zotsala ana atakhuta.

Wantchito wotere akachoka, abwana amathamangira kunena kuti anthu amasiku ano ndi osayamika. Asadatero, ayambe aona sikelo yawo ngati ikupereka 16 kapena 14.

Boma lamphamvu ngati la Britain lidaphunzira mochedwa, litataya miyoyo yambiri, kuti kudyetsa, kuchiza ndi kulipira munthu panthawi yake si chifundo koma maziko a ntchito. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Wofuna kuti anthu ake adzaime naye tsiku la namondwe, awasamale nyanja ikadali bata.