Njovu ya mtengo ikulemeretsa yani?

Aliyense woyenda m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, kapena kunyanja ku Senga Bay ndi Nkhata Bay, amaziona ziboliboli zitandandalikidwa pansi: njovu, mvuu, chipembere, ng'ona ndi zina zotero. Alendo amazigula mosangalala, ndipo zambiri zimakwera basi mpaka ku Johannesburg. Funso langa n'lakuti, kodi mmisiri amene adasema njovuyo kumudzi amapatapo zingati?

Zoona zake n'zakuti amatola nyenyeswa basi. Munthu amakhalira chipika masiku angapo ndi kasemasema, tchizulo ndi sandipepa, koma wogula wochokera m'tauni akafika amatchula yekha mtengo. Mmisiri uja poti pakhomo palibe ufa, amangoti "tengani bwana". Njovu yomweyo ikafika m'tauni mtengo wake umakwera kangapo, ndipo dzina la mwini luso silitchulidwa n'komwe.

Umphawi umenewu ukupha nkhalango zathu. Wolipidwa pang'ono amayenera kusema zambiri kuti ana adye, ndipo kusema zambiri n'kugwetsa mitengo yambiri. Phingo, mtengo wakuda uja alendo amaukonda, umatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ukhwime. Mlombwa ndi m'bawa nazonso sizikula tsiku limodzi. N'chifukwa chake ena mwa inu mwayamba kupaka polishi wa nsapato pa mtengo wamba n'kumanamiza alendo kuti ndi phingo. Mlendo akatulukira chinyengocho sabweranso, ndipo amakauza anzake kwawo. Komanso mu 2016, pamsonkhano wa CITES ku Johannesburg, maiko adaika phingo m'gulu la mitengo imene malonda ake akunja ayenera kuyang'aniridwa.

Njira ina ilipo. Ku Mua m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adatsegula malo a KuNgoni mu 1976, ndipo amisiri ophunzira kumeneko adaonetsa kuti chosema chabwino chimodzi chimagulidwa bwino kuposa mulu wa zosema zothamangira.

Tsono inu amalonda, lipirani mmisiri mtengo woyenera, ndipo muzimuuza wogula dzina ndi mudzi wa amene adasema. Mukatero katundu wanu adzalemekezeka. Amisiri nawonso apange magulu kuti azigwirizana mtengo umodzi, ndipo gulu lililonse likhale ndi nazale yake ya mbande. Nthambi ya zankhalango isamangodziwa kulanda katundu pa rodibuloko, iwapatse amisiriwa mbande ndi malo odzalapo.

Nanu ophunzira, lekani kuona kusema ngati ntchito ya anthu olephera sukulu. Masamu ndi Chingerezi chanucho chingathandize amalume anu kumudzi kuwerengera mtengo ndi kupeza misika popanda kudyeredwa masuku pamutu.

Ine ndikuti tikonze zinthu phingo akadalipo, pakuti akadzatha, mmisiri ndi wamalonda yemwe adzagona ndi njala limodzi. Paja madzi akatayika saoleka.