Filimu Tinaonera, Nanga Buku Tinawerenga?



Aliyense wodutsa pamsika wa Liwonde, Ulongwe kapena Ntaja masana amalidziwa phokoso lochokera m'tinyumba ta vidiyo: womasulira akufuula m'Chichewa pamwamba pa mawu a eni filimu, ana atathithikana pakhomo, ena akadali m'yunifolomu ya sukulu. Sitikulemba kuti tinyoze kanema ayi. Mpingo womwe, pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica m'chaka cha 1963, chonena kuti filimu, wailesi ndi nyuzipepala zimapindulitsa anthu zikagwiritsidwa bwino ntchito. Ku Balaka konkuno tili ndi Luntha TV. Funso lathu sabata ino ndi ili: kodi mwana akaonera filimu yochokera m'buku, walandira zonse zimene bukulo likadampatsa?

Chitsanzo tisachifune kutali. William Kamkwamba adabadwa m'chaka cha 1987, ndipo adakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake adalephera kumulipirira fizi ndipo adasiya sukulu ya sekondale. M'malo mongokhala, adayamba kubwereka mabuku ku kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko adapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Ndi zitsulo zotola kudzala, mapaipi, njinga ya bambo ake ndi mitengo ya bulugamu, adamanga makina ake opanga magetsi. Mbiriyi idatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind, limene adalemba ndi Bryan Mealer m'chaka cha 2009. Buku la zithunzi la ana aang'ono lidatsatira mu 2012, la ana okulirapo mu 2015, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor adatulutsa filimu yake.

Filimuyi ndi yabwino, tisakane. Adaijambula ku Malawi konkuno, mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa, ndipo mwana wathu Lily Banda adasewera ngati mlongo wake wa William. Ambiri tidaseka kumva alendo akupotoza lilime pa mawu athu, komabe mitima idanyada kuti dziko lonse lamva chinenero chathu. Koma amene adaonera n'kuwerenganso akudziwa kuti nkhani ziwirizi sizifanana ndendende. M'filimu, makinawo atangozungulira akupopa madzi, munda ukubiriwira, njala yagonja. M'buku, makina oyamba adangoyatsa kababu kamodzi. Pambuyo pake ndi pamene adayatsa mababu anayi ndi mawailesi. Zopopa madzi zidadza patapita zaka, William atalankhula kale pamsonkhano wa TED ku Arusha, ku Tanzania, mu 2007, anthu akufuna kwabwino n'kumugwira dzanja.

Sitikunena kuti wopanga filimu adanama. Ali ndi maola osakwana awiri, choncho ayenera kudula ndi kulumikiza. Chotidetsa nkhawa ndi chimene chimadulidwacho. Amasunga tsiku la chikondwerero, n'kufupikitsa miyezi ya kudikira: mnyamata wosadziwa bwino Chingelezi akulimbana ndi mawu ovuta, akuyerekeza zithunzi ndi zilembo, akulephera n'kuyambiranso, anthu akumutcha wamisala. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wongoonera angaganize kuti nzeru zimagwa ngati mvula. Mwana wowerenga amaphunzira kuti zimakumbidwa ngati chitsime. Ndipo tisaiwale kuti mnyamata amene tikumuombera m'manja pakanemayo adadzutsidwa ndi buku. Kalaibulale kaja kakadapanda kukhalapo, filimuyo sikadakhalapo.

Palinso china. Agogo athu akamayamba nthano madzulo, ife n'kumayankha kuti tili tonse, aliyense ankadzijambulira yekha kalulu ndi fisi m'mutu mwake. Buku limachitanso chimodzimodzi: limapatsa mwana ntchito yomanga yekha mudzi, nkhope ndi mawu. Filimu imamubweretsera zophikaphika. Nsima yophikiridwa ndi yokoma, koma wongodya osagwirako mthiko sadzaphika.

Kwa ife Akatolika nkhaniyi ikukhudza chikhulupiriro. Ignatius wa ku Loyola, atavulazidwa mwendo pankhondo ya ku Pamplona m'chaka cha 1521, adatembenuka mtima ali chigonere, powerenga mbiri ya Yesu ndi ya anthu oyera. Malemu Papa Francis adalemba kalata mu 2024 yolimbikitsa ophunzira unsembe ndi akhristu onse kuwerenga nthano ndi ndakatulo, poti zimaphunzitsa kumvetsera mtima wa munthu wina. Tsono tidzifunse: ana amene lero satha kukhala pansi ndi tsamba limodzi, adzatha bwanji kusinkhasinkha Mawu a Mulungu pamphakati? Adzatiwerengere ndani pa Misa zaka khumi zikudzazi?

Wina ati: mabuku ndi odula, ambiri ndi a m'Chingelezi, pamene filimu imafika ngakhale kwa wosadziwa kuwerenga. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake sitikuti ana aleke kuonera. Koma buku limodzi limatha kudutsa m'manja makumi awiri, ndipo silifuna magetsi kapena bandulo ya intaneti. Sitili osauka monga timadziyesera. A Montfort Media amasindikiza mabuku ku Balaka konkuno. M'Chichewa tili ndi Nthondo, la Samuel Josia Ntara, la 1933, komanso Sikusinja ndi Gwenembe, la John Gwengwe, mabuku amene adalera makolo athu ndipo mwina akudyedwa ndi chiswe m'masutikesi mwathu.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, mphakati uliwonse ukhale ndi kabokosi ka mabuku, banja lililonse liponyemo limene lili nalo. Chachiwiri, pambuyo pa Tilitonse, wachinyamata mmodzi aziwerengera ana mutu umodzi wa nkhani mokweza, kumasulira pamene pavuta. Akatsiriza buku aonere limodzi filimu, kenaka awafunse chimene chasiyidwa ndi chifukwa chake. Chachitatu, tikhale pansi ndi agogo athu akadali moyo, tilembe nthano zawo m'Chichewa ndi m'Chiyao. Sipadzakhala filimu ya ku Machinga kapena ya ku Balaka ngati palibe woyamba kuilemba papepala.

M'mera mpoyamba. Sabata ino aliyense wa ife apeze mwana mmodzi, m'bale wake kapena wa mnansi, amuwerengere tsamba limodzi dzuwa lisanalowe. Mzimu Woyera atiunikire, ndipo Amayi Maria, amene ankasunga zonse ndi kuzilingalira mumtima, atipempherere.