Napolo sabwera yekha

Alimi anzanga, taonani mmene Freddy anatichitira m'Malichi 2023. Mvula inagwa masiku angapo osakata, mapiri omwe tinawameta mitengo anakhuta madzi, nthaka n'kugumuka ku Soche, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Miyala ndi mchenga zinakwirira chimanga chili pafupi kucha. Milatho itakokoloka, ngakhale amene anapulumutsako kambatata analibe njira yopitira kumsika. Mbewu yosunga inapita, mbuzi zinapita. Tisanadzuke n'komwe, ng'amba ya 2024 inawaula minda, boma n'kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Tsoka lina limabala linzake, koma ofufuzafe timaligawana ngati nyama ya pamaliro: azanyengo kwawo, amiyala kwawo, azaulimife kwathu. Aliyense ndi lipoti lake, m'Chingerezi, lokatsekera m'kabati.

Ine ndikuti a LUANAR, a MUST, azanyengo ndi a DoDMA akhale pamphasa imodzi ndi mafumu. Agogo a ku Phalombe akudziwa makwawa omwe Napolo anadzera potsika m'phiri la Michesi mu 1991. Mapu ayambire pamenepo. Pasukulu iliyonse ya m'tsinde mwa phiri aikepo choyezera mvula, ndipo mudzi udziwiretu mlingo womwe ukakwana, belu lilire, anthu ndi ziweto asamuke usiku womwewo.