Kuzimitsa nyali si kukonza galimoto, bwana

Imani pa siteshoni ya Mindolo m'mawa, musuzumire m'mataxi ndi m'maminibasi olowera m'tauni ya Kitwe. Mudzaona kanyali kachikasu kali ngwee pa dashibodi, dalaivala akuimba mluzu, mtima uli m'malo. Penanso simudzakaona, chifukwa uyu anamatapo tepi yakuda, uyo anatsekapo ndi kakhadi ka vesi, winayo anauza makanika kuti azule babu lenilenilo. Ati vuto latha. Latha liti? Lalowera kuti?

Madalaivala amenewa ndiwapeza kumapeto. Lero mkwiyo wanga uli pa akuluakulu a mayunifolomu ochapa bwino, amene amakugulitsani galimoto yatsopano pa ndalama zomangira nyumba, n'kukupatsani buku la waranti ndi manja awiri, koma tsiku limene nyali ya check engine yayaka amachita zomwezo za tepi yakuda, kungoti iwo amachitira pa kompyuta. Alumikiza makina, afufuta khodi, atsuka galimoto, abweza makiyi uku akumwetulira: "Taiona bwana, ilibe vuto." Mawa lake musanafike n'komwe ku Chisokone, nyali ija ngwee!

Tiyeni timvetsetsane, poti ena akudyera pa umbuli wathu. Nyali imeneyi siyaka mwa matsenga. Galimoto yamakono ili ndi kompyuta yomvetsera masensa: ina ikuyeza mpweya wolowa mu injini, ina kutentha kwa madzi, ina utsi wotuluka ku ekizozi. Chinthu chikaphonya muyezo, kompyuta imalemba khodi n'kuyatsa nyali. Dongosolo limeneli, lotchedwa OBD-II, linakhala lamulo ku America kuyambira pa galimoto za 1996, ndipo ku Ulaya linagwira galimoto za petulo mu 2001. Kunsi kwa chiwongolero kuli soketi ya mapini 16 polumikizira makina owerengera. Khodi P0301 ikunena kuti silinda yoyamba ikuphonya moto. P0171 ikuti mpweya wachuluka, mafuta achepa. P0420 ikuti catalytic converter, chitini chija choyeretsa utsi, sichikugwira ntchito mokwanira. Pamodzi ndi khodiyo, kompyuta imasunganso mmene zinthu zinalili pa nthawi imene vuto linachitika: liwiro la galimoto, kuzungulira kwa injini, kutentha kwake. Umenewu ndi umboni. Wofufuta khodi asanailembe papepala wawononga umboni, ndipo iye akudziwa. Akudziwanso kuti pa mavuto ambiri kompyuta imadikira kuliona vutolo pa maulendo awiri isanayatsenso nyali. N'chifukwa chake galimoto imatuluka pageti lawo dashibodi ili zii, n'kukayakira pakhomo panu.

Ndakumvani kale bwana manijala, mukukonza kukhosi. "Ndi sensa chabe." Chabe? Sensayo ndinaigula padera ine? Si inabwera m'galimoto momwemo? Ngati yafa, ikani ina, waranti ndi yomweyo. Ngati siinafe, ndiye kuti ikunena zoona, ndipo galu wamkota sakandira pachabe. Sankhani chimodzi. Ife kuno ndife anthu a pamgodi. Funsani aliyense amene anatsikapo pa shafiti ya Mindola: kodi munthu woti alamu ikulira pansi pa nthaka, iye n'kuithimitsa, osalemba m'buku, n'kuuza anzake kuti pitirizani ntchito, angagone pantchito usiku umenewo? Amuthamangitsa dzuwa lisanalowe. Nanga bwanji chimene kumgodi n'chochotsetsa ntchito, ku galaja kwanu mukuchitcha sevisi?

"Ndi mafuta oipa amene mumathira." Eya, nyimbo ija yayamba. Mafuta oipa alipo, sindikana, ndipo wogula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu asadzalire ndi munthu. Koma mwawayeza mafutawo? Mwatapako pang'ono mu thanki n'kusunga m'botolo? Zotsatira zake zili papepala liti? Mafuta a pa filingi siteshoni ali ndi owayang'anira, a Energy Regulation Board (ERB). Paipi ya TAZAMA, yoyenda makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kudzathera ku Ndola, kuyambira 2023 imanyamula dizilo woyengeka kale wa sulphur wochepa. Ngati muli ndi umboni woti siteshoni yakutiyakuti ikugulitsa zosakaniza, tipatseni, tipitire limodzi ku ERB. Ngati mulibe, musatinamizire thanki. Mawu a pakamwa si lipoti la labotale.

"Misewu yathu ndi yoipa, fumbi lachuluka." Kodi! Mmene munkalandira ndalama zathu munkayesa galimotoyo tikaiyendetsa ku Tokyo? Maenje a ku Chimwemwe ndi ku Chifubu anakumbika dzulo? Pa zikwangwani zanu pikapu imaoloka mitsinje, imakwera mapiri, matope ali thoo. Lero fumbi la Mindolo lokha laigonjetsa? Ngati galimoto siingathe misewu ya Zambia, munaigulitsiranji m'Zambia?

Ndiye pali chikwanje chawo chachikulu: "Munakaigwiritsa kwa makanika wakunja, waranti yafa." Apa nkhani ili pawiri. Inu eni galimoto, werengani bukulo, chifukwa mabuku ambiri a waranti amanenadi kuti sevisi izichitikira kwa iwo, pa nthawi yake, ndipo mukaphonya mwawapatsa mpeni nokha. Koma inu ogulitsa, tayankhani. Mnyamata wophunzira umakanika ku NORTEC ku Ndola akasintha mabuleki, zikukhudzana bwanji ndi koyilo imene yapsa? Ku America lamulo la Magnuson-Moss la 1975 limaletsa kukakamiza wogula kugwiritsa ntchito masipeya kapena galaja ya kampani kuti waranti ikhalebe yamoyo. Ku South Africa, bungwe loona za mpikisano pa malonda linakhazikitsa ndondomeko zimene zinayamba kugwira ntchito pa 1 July 2021, zopatsa mwini galimoto ufulu wokachititsa sevisi ku galaja yodziimira payokha popanda kutaya waranti yonse. Ambiri mwa mapikapu atsopano amene timagula kuno amapangidwa konko, ku Durban, Pretoria ndi Gqeberha. Galimoto yomweyo, fakitale yomweyo. Ufuluwo umatsikira pati, pa Chirundu kapena pa Kazungula?

Akasowa pothawira amatulutsa bodza lofatsa: "Sipeya taitanitsa, ili m'njira." Sabata. Mwezi. Miyezi itatu. Foni saiyankha, mukapita akuti amene akudziwa nkhani yanu watuluka. Tawerengani nane. Waranti zambiri za galimoto zatsopano zimati zaka 3 kapena makilomita 100,000, chimene chayamba kukwana. Kuchoka ku Kitwe kufika ku Ndola ndi makilomita opitirira pang'ono 60. Munthu wogona ku Mindolo n'kumagwira ntchito ku Ndola amadya makilomita oposa 120 pa tsiku, 600 pa sabata, ndipo pa miyezi itatu yodikira sipeya wapitirira 7,000. Wa makontrakiti a ku Solwezi ndiye musanene. Akulu anati mlandu suola, koma waranti imaola, ndipo kuli anthu amene amaidikira kuti iole. Tsiku limene mita yadumpha malire, mwadzidzidzi makina awo ayamba kuona! Vuto lija "kunalibe" lapezeka, ndipo mtengo wake alemba kale. Pa miyezi yonseyi silinda yophonya moto yakhala ikutumiza petulo wosapsa ku ekizozi, catalytic converter yatentha mpaka kusungunuka m'kati, ndipo chitini chimenecho n'chodula chifukwa muli platinum, palladium ndi rhodium. Nkhani ya pulagi imodzi yasanduka ngongole ya kubanki. Alipire ndani? Amene anabwera tsiku loyamba, kapena amene anafufuta khodi?

Mudzati makasitomala enanso ndi akathyali. Zoona. Alipo odumpha sevisi, othira oyilo wotchipa, osenzetsa pikapu matumba a simenti opitirira muyezo, kenako n'kubwera nkhope ili yachisoni. Agwireni ndi umboni, sindidzawaikira kumbuyo. Koma onani mmene bwalo lanu lakhalira: woyeza galimoto ndinu, wosunga zotsatira ndinu, woweruza ngati waranti ilipire ndinunso. Ntchito ya waranti imafuna mapepala ndi chilolezo cha wopanga galimoto, pomwe ya wolipira m'thumba ndalama yake ndi ya pompopompo. Tiziyembekezera chilungamo pamenepo? Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Mwayi wake, dziko lili ndi malamulo. Lamulo la mpikisano ndi kuteteza ogula, nambala 24 la 2010, pa gawo 49 limaletsa kugulitsa katundu wolakwika kapena wosayenera ntchito yake, ndipo limafuna kuti ntchito imene munthu walipira igwiridwe mosamala ndi mwaluso. Gawo 48 limaletsa zikwangwani zokanira udindo, zija zoti katundu akatuluka sabwezedwa. Bungwe la CCPC, loyang'anira lamuloli, lili ndi ofesi mu Kitwe momwe muno. Koma bungwe silingamenye nkhondo ndi nthano zanu. Limafuna mapepala.

Choncho nyali ikayaka, yambani ndi maso. Ikangoyaka osaphethira, galimoto n'kumayenda bwino, onani ngati chotsekera thanki chatsekeka, kenako kaipimitseni msanga. Ikamaphethira, injini n'kumanjenjemera, chepetsani moto, imani pabwino, zimitsani. Ikayaka yofiira ya oyilo kapena ya kutentha, imeneyo ilibe zokambirana: imani pomwepo. Jambulani dashibodi ndi foni, nyali ndi makilomita zionekere pamodzi. Musachotse batire kuti nyali izime, mukufufuta umboni wanu womwe. Ku galaja musasiye makiyi popanda job card yolembedwa tsiku, makilomita ndi dandaulo lanu m'mawu anu. Potenga galimoto funsani kuti khodi inali chiyani, anayeza chiyani, anasintha chiyani, ndipo zilembedwe. Akakana waranti, akane papepala, ndi chifukwa chake, ndi siginecha. Mudzaona mmene "mafuta oipa" amasowera munthu akapatsidwa cholembera. Safunsa anadya phula.

Dziwaninso kuti khodi si chigamulo. P0171 ikhoza kubwera chifukwa cha kapaipi kong'ambika, sensa ya mpweya yodzaza fumbi, kapena pampu ya mafuta yofooka. Makanika amene wangowerenga khodi n'kukutumani kukagula sipeya, osayeza kanthu, akulosera ndi ndalama zanu. Akalephera akutumaninso ina.

Tsopano inu abale anga a tepi yakuda, a Vitz ndi Allion zolowera pa Nakonde, mukuti waranti mulibe ndiye nkhaniyi siikukukhudzani. Inu ndiye ikukukhudzani kawiri, chifukwa zonse zidzatuluka m'thumba mwanu. Galimoto yophonya moto imamwa petulo wambiri, ndipo mumalipira tsiku ndi tsiku pa pampu uku mukutukwana boma. Choipa kwambiri n'chakuti nyali ndi imodzi, mavuto ndi mazana: mukaizolowera ili chiyakire chifukwa cha kanthu kakang'ono, tsiku limene lidzabwere vuto lalikulu idzakuuzani bwanji? Wakutsina khutu ndi mnansi, inu mwam'mata pakamwa. Ndipo inu ozula babu kuti mugulitse galimoto kwa mnzanu wa mumpingo, dzina lanu ndi limodzi ndi la wofufuta khodi uja. Wogula aliyense atembenuze kiyi injini isanalire: nyali ya check engine iyenera kuyaka, n'kuzima injini ikalira. Ikapanda kuyaka n'komwe, bwezani kiyi, sungani ndalama zanu.

Bwana manijala, waranti si mphatso, ndipo si chifundo chanu. Mtengo wake unalowa kale mu ndalama zimene tinalipira tsiku logula. Ndi ngongole. Tipatseni khodi, tipatseni pepala, konzani galimoto. Zikakukanikani, nenani poyera, tikakumane ku CCPC.