Galaxy S9 ikadali m'matumba ku Mulanje

Foni ya Samsung Galaxy S9 idatuluka mu Malichi 2018 ili m'gulu la mafoni apamwamba kwambiri a kampaniyi. Masiku ano imafika ku Mulanje itadutsa kale m'manja mwa ena, nthawi zina kuchokera kwa achibale a ku Joni, koma eni ake saitaya wamba.

Chifukwa chimodzi ndi mvula. Boma la tiyi lino limanyowa kuposa madera ambiri m'Malawi, ndipo foniyi idapangidwa kuti ipirire m'madzi akuya mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30. Komatu ikangotsegulidwa kwa okonza mafoni pa Chitakale kapena ku Limbuli, zomatira zotchinga madzi zija kawirikawiri sizibwerera mwakale. Kwa woperekeza alendo okwera phiri kuchokera ku Likhubula, chokoma china ndi kamera, yomwe imajambula bwino ngakhale kunja kutachita mdima wa mitambo. Ilinso ndi polowetsa memori khadi ndi kabowo ka mahedifoni, zomwe Samsung idachotsa pa mafoni ake apamwamba atsopano.

Vuto lagona pa batire. Ndi la 3,000 mAh, lomatiridwa m'kati, ndipo pano lidatopa. Magetsi akazima, kafoni kotchipa ka itel kamaiseka.

Foniyi idaima pa Android 10, ndipo mu 2022 Samsung idasiya kuitumizira zokonza chitetezo, nkhani yosafunika kuipeputsa kwa amene amagwiritsa ntchito apu ya banki. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusintha batire n'kofikirika kuposa kugula foni yapamwamba yatsopano.