Mlandu wa Matafale ndi wathunso

Pa 27 November 2001, Evison Matafale, woimba wa ku Chileka amene ankatsogolera gulu la Black Missionaries, anamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi. Anali ndi zaka 32, atatulutsa zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Anamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula Pulezidenti Bakili Muluzi, m'mene ankati boma likukondera Asilamu ndi amalonda achimwenye.

Nyimbo zake zikumvekabe ku Nkhata Bay, pa depoti, mumsika ndi padoko Ilala ikakocheza. Ana athu amazidziwa. Koma m'makomo mwathu alipo akuluakulu ena amene, dzina lake likatchulidwa, amangoti anali mdani wa Chisilamu ndipo zimene zinamugwera anaziputa yekha. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndiponso ndi ochititsa manyazi.

Tisabise mawu: Matafale anatinenera zosayenera. Msodzi wachisilamu wa m'mbali mwa nyanja sanalemere chifukwa choti mtsogoleri wa dziko anali Msilamu. Usipa wake unkagulidwa pa mtengo womwewo, ndipo kuchipatala ankaima pa mzere umodzi ndi Mkhristu. Kuunjika tchimo la boma pa chipembedzo chonse kunali kulakwa.

Komabe kalata imayankhidwa ndi kalata. Munthu wodwala anatengedwa kwawo, nanyamulidwa ulendo wautali kupita ku Lilongwe, ndipo patangopita masiku owerengeka abale ake analandira maliro. Boma linati anafa ndi chibayo. Zikhale choncho, funso likadalipo: malo a wodwala chibayo ndi kuchipatala kapena m'chitokosi?

Qur'an, mu Surah Al-Maidah ndime 8, imatiletsa kutaya chilungamo chifukwa chodana ndi anthu. Lamulo limeneli silinena kuti woponderezedwayo akhale wa mzikiti wathu. Tikakhala chete pamene Mrasta wafera m'manja mwa boma chifukwa choti wolamulira ndi mnzathu, tidzadandaula kwa yani tsiku limene womangidwayo adzakhale shehe? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Palibe akukukakamizani kumvera reggae, kapena kupita ku chikumbutso chake cha ku Chileka. Kholo lili ndi ufulu wosankha zomveka m'nyumba mwake. Koma mwana akadzafunsa kuti Matafale anali yani, muuzeni zonse ziwiri: anatiweruza molakwa, ndipo imfa yotere sinamuyenere. Mukabisa yachiwiriyo, mwamuphunzitsa kuti chilungamo ndi cha achibale okha.